Ofufuza za dizaini azifikanso pamsewu

Anthu ambiri, kuphatikizapo ife Amalawi amene tili kuno ku Johannesburg, akamva za dizaini amaganiza za okonza mafashoni ndi ojambula mapulani a nyumba pakompyuta m'maofesi a ku Sandton. Ine ndimaona kuti ntchitoyi ndi ya munthu aliyense amene amayamba walingalira mmene chinthu chidzakhalire asanachipange, ndipo akatswiri akamafufuza za m'masitudiyo zokha, amasiya kunja mbali yaikulu ya nkhani yawo. Herbert Simon, katswiri wa ku America, ananena kale mu 1969 kuti aliyense wokonza njira yosinthira zinthu kuti zikhale mmene iye akufunira akuchita dizaini.

Taganizirani zizindikiro zimene timaimitsira mataxi (maminibasi) mumzinda uno. Ukaloza kumwamba ndi chala chamkombaphala, dalaivala amadziwa kuti ukupita m'tauni, ndipo ukaloza pansi amadziwa kuti ulendo wako ndi wam'dera lomwelo. Palibe ofesi imene inakhala pansi n'kuzikonza. Zinabadwa chifukwa mataxi ambiri salembedwa kumene akulowera, dalaivala amakhala pa liwiro, ndipo okwera amalankhula zinenero zosiyanasiyana, moti Mmalawi wongofika kumene amaphunzira zalazi asanadziwe ndi moni yemwe wa Chizulu. Susan Woolf, wojambula wa kuno, anasonkhanitsa zizindikirozi, anazikonzanso kuti anthu osaona azizizindikira pozikhudza, ndipo mu 2010 zinatuluka pa masitampa a positi. Kumeneko ndiye kufufuza kumene ndikunena, chifukwa kunayambira pa nzeru zimene okwera ndi madalaivala anali nazo kale.

Chimodzimodzi abale athu otola mabotolo ndi makatoni ogulitsa. Ngolo yawo ndi thandala la pulasitiki kapena la matabwa lokhala pa timawilo tinayi, pamwamba pake thumba lalikulu loyera, kutsogolo chogwirira chachitsulo. Pachitunda mwiniwake amaikoka, pamtsetse amaikwera n'kumachepetsa liwiro ndi phazi. Kutalika kwa chogwiriracho ndi kamangidwe ka katundu kuti ngolo isagudubuzike pokhota, zonsezo zinayesedwa ndi kusinthidwa ndi anthu amene msana wawo ndi umene umamva kupweteka chinthu chikalakwika.

Kwathu tili ndi chitsanzo chimene chimaonetsa kuti kafukufukuyu sayenera kuthera pa chipangizo chokha. Mjigo wa Afridev, umene chiyambi chake chili ku Malawi koyambirira kwa zaka za m'ma 1980 pamene unkatchedwa Maldev, sunapangidwe pofuna kungotulutsa madzi. Funso lalikulu linali lakuti ukawonongeka adzaukonza ndani. N'chifukwa chake zitsulo zake zamkati zimakokedwa ndi manja popanda makina, ndipo timphira timene timatha msanga anthu a m'mudzi momwemo angathe kusintha ndi zida zochepa. Komabe mjigo umafa ngati komiti yake siisonkhetsa ndalama, kapena ngati sitolo yogulitsa zipangizo ili kutali, ndiye kuti komitiyo, msonkhowo ndi sitoloyo n'zofunika kuziganizira mofanana ndi chitsulocho. Makina a Pumani, othandiza makanda kupuma, amene Rice University ya ku America inakonza mogwirizana ndi chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, anayenda njira yomweyo, pakuti anagwiritsa ntchito timapampu totchipa ta m'mathanki owetera nsomba kuti chipatala cha ndalama zochepa chikwanitse.

Choncho ndikanakonda ophunzira za dizaini ku University of Johannesburg ndi ku yunivesite ya Wits azithera nthawi yokwanira ku Park Station, siteshoni yaikulu ya mabasi ndi sitima, akuona mmene onyamula katundu wopita ku Lilongwe ndi ku Mzuzu amalongedzera mafiriji, njinga ndi zikwama m'ngolo ya basi kuti zifike zosasweka. Akapeza nzeru kumeneko, alembe mayina a eni ake m'malipoti awo ngati eniwo avomera, ndipo chinthucho chikafika pogulitsidwa, eni nzeruwo alandire gawo lawo la ndalama.