Lekani kumangoti "inali nthawi yake"

Ndakwiya, abale anga. Dzulo wina waponya pa gulu lathu la WhatsApp la ku Mbare, ku Harare, nkhani ya Dave Shaw, munthu amene anafera pansi pa madzi m'phanga la Bushman's Hole ku South Africa mu 2005. Mayankho ake? "Inali nthawi yake." "Madzi ali ndi eni ake." Wina mpaka akuti ndi njuzu, mizimu ya m'madzi. Palibe ndi mmodzi yemwe amene wafunsa kuti chinalakwika n'chiyani!

Chonsecho chinalakwikacho chimadziwika. Shaw anatsika mamita 270 kukatenga mtembo wa Deon Dreyer, mnyamata amene anamira m'phanga lomwelo mu 1994. Anali ndi kamera kumutu. Kamerayo inaonetsa kuti anakodwa m'chingwe, analimbana nacho, kupuma kunayamba kuthamanga, mpweya woipa unamuchulukira m'thupi mpaka anakomoka. Zinalembedwa, anzake anaziphunzira. Inu mukuti nthawi yake?

Anthu olowa pansi pa madzi ndi masilinda a mpweya amawerenga malipoti a imfa za anzawo. Mabungwe awo, monga DAN ndi BSAC, amasonkhanitsa malipoti otere n'kuwafalitsa, cholinga chake n'choti wotsala asafe imfa yomweyo. Malamulo olowera m'mapanga anachokera m'mitembo: usalowe wopanda chingwe chokulondolera potuluka, tenga matochi atatu, mpweya ugawe patatu, gawo lina lolowera, lina lotulukira, lina lisungidwe. Pokwera usathamange, ndipo usagwire mpweya m'chifuwa chifukwa mapapo amaphulika. Lamulo lililonse pamenepa pali mayi amene analira. Ndiye munthu n'kumati kuwerenga zimenezi n'kudziitanira tsoka? Ayi ndithu! Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kaya ndi mantha, kaya ndi ulesi, zimenezo n'zanu. Chimene chikundipweteka n'choti mawu akuti "inali nthawi yake" amatseka nkhani. Amakwirira munthu pamodzi ndi phunziro lake. Wafayo timamulira, inde, koma tifunsenso: mpweya unatha bwanji? Mnzake anali kuti? Anaphunzitsidwa kufika pakuya pamenepo?

Musaganize kuti izi n'za azungu okha. Chinhoyi Caves si patali ndi Harare, ndipo dziwe lake la madzi a buluu lija limapitirira mamita 100 kuya. Kwathu ku Nkhata Bay ndi ku Cape Maclear achinyamata athu akugwira ntchito yotsika ndi alendo pansi pa nyanja. Ndi ana athu amenewo.

Nanga ku Lake Chivero, damu la pafupi ndi Harare? Pa Khirisimasi ya 2011 boti linagubuduka, ana 11 anafa. Tinalira mzinda wonse. Koma mukapita kumadamu pa holide mudzaonabe makolo akukweza ana m'boti lodzaza osafunsa n'komwe za majekete oyandamitsa, ati bola mtengo watsika. Mwana wanu weniweni, bambo!