Kufuna uphungu ku Michigan ndi ku Ontario: mtsinje umodzi, njira ziwiri

Ndimakhala ku Windsor, m'chigawo cha Ontario m'dziko la Canada, koma ntchito ndimagwira tsidya lina la mtsinje, ku Detroit, m'chigawo cha Michigan m'dziko la America. M'mawa uliwonse ndimawoloka mlatho wa Ambassador, ndipo nyengo ya chisankho ikafika ndimaona zikwangwani za ofuna uphungu zitazikidwa pa kapinga wa m'makomo, kuno ndi uko komwe. Zikwangwanizo n'zofanana, koma njira imene dzina la munthu limadzera kuti lifike pamenepo ndiyo yosiyana.

Ndinayamba kuzitsata bwino mnzanga wa kuntchito, mayi wa ana atatu, atatiuza kuti akufuna kukatiyankhulira ku Lansing, kumene kuli nyumba ya malamulo ya chigawo cha Michigan. Kumeneko kuli mipando ya aphungu 110 ndi ya maseneta 38, ndipo phungu amakhala zaka ziwiri zokha n'kubwereranso kwa anthu. Kuti alowe nawo chipulula cha mu Ogasiti, mnzangayo sanagwadire mkulu aliyense wa chipani. Analipira madola 100, dzina n'kulowa. Ku Michigan wovota salembetsa chipani. Tsiku la chipulula amangosankha mbali imene akufuna kuvotako. Woimira chipani amasankhidwa ndi anthu a m'dera lakelo. Ife amene tinakulira ku Malawi, kumene chipulula chimatha ndi madandaulo oti akuluakulu aika munthu wawo, ogonja n'kukaima paokha, timadziwa kulemera kwa ufulu umenewu.

Chimene chinandipweteka mtima ndi ndalama. Mu 1976 khoti lalikulu la America linagamula kuti boma silingaike malire pa ndalama zimene woimira angagwiritse ntchito pa kampeni, ndipo mu 2010, pa mlandu wa Citizens United, linalolanso makampani ndi mabungwe a antchito kumwaza ndalama mmene angafunire, bola asachite upo ndi woimirayo. Malire alipo pa zimene munthu mmodzi angamupatse woimira m'manja, koma mtsinje wa ndalama umangolambalala malirewo. Mnzanga uja akaweruka ankayamba wagogoda m'makomo mpaka dzuwa kulowa, kenako n'kukhala pa foni kupempha achibale, anzake a kutchalitchi, ngakhale anthu amene anasiyana nawo kusukulu kalekale. Sabata yomaliza, makalata otamanda mnzake wopikisana naye anadzaza m'mabokosi a anthu, ochokera ku magulu amene ovota ambiri anali asanawamvepo. Mnzangayo anagonja. Ndipo amene anapambanayo sapuma, chifukwa zaka ziwiri sizichedwa: akangolumbira, ayambe kale kusonkhetsa za chisankho chotsatira.

Ku Ontario zinthu n'zachidule. Nyumba ya malamulo ya ku Queen's Park, mu Toronto, ndi imodzi yokha, ya aphungu 124, ndipo kampeni imatenga masiku 28. Mu 2025 a Doug Ford, mtsogoleri wa boma la chigawochi ndi wa chipani cholamula, anaitanitsa chisankho kumapeto kwa Januwale, anthu n'kuvota pa 27 Febuluwale, ogogoda m'makomo akuponda chipale chofewa. Kuyambira 2017 makampani ndi mabungwe a antchito saloledwa kupereka ndalama kwa zipani kapena kwa oimira, ndipo woimira aliyense ali ndi malire a ndalama za kampeni malinga ndi kuchuluka kwa ovota m'dera lake. Mphunzitsi kapena namwino angathe kupikisana osagulitsa nyumba. Pamenepa sindikayika ngakhale pang'ono, a Ontario anakonza bwino.

Koma dzina la chipani silingalembedwe pafupi ndi lako popanda chilolezo cha mtsogoleri wa chipanicho. Chipulula chake ndi cha mamembala okhala ndi khadi okha, nthawi zina ongokwana holo imodzi, ndipo pena mtsogoleri amangoloza munthu. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma phungu wolowa motere amavutika kutsina khutu amene anamupatsa mpando. Mu Januwale 2021 a Roman Baber, phungu wa York Centre, analembera kalata a Ford yotsutsa zotsekera anthu m'nyumba chifukwa cha Covid-19. Tsiku lomwelo anachotsedwa m'gulu la aphungu a chipani cholamula, n'kuuzidwa kuti sadzaimiranso chipanicho. Maganizo awo pa matendawo sindinkagwirizana nawo, komabe anthu a ku York Centre sanafunsidwe.

Tsidya linalo, mu Epulo 2020, Mayi Karen Whitsett, phungu wa chipani cha Democrat wa ku Detroit, anakakumana ndi a Donald Trump, pulezidenti wa chipani cha Republican, n'kuwayamikira poyera. Atsogoleri a chipani chawo m'deralo anawadzudzula mwalamulo, koma mu Ogasiti anthu anawasankhabe pa chipulula. Mu Disembala 2024 mayiwa anakana kulowa m'nyumba ya malamulo, ndipo poti a Republican anali atatuluka kale, chiwerengero cha aphungu 56 chofunika kuti zokambirana zichitike sichinakwane. Mabilu ambiri a chipani chawo chomwe anafera pamenepo. Anzanga ena kuntchito anakwiya kwambiri, ndipo mkwiyo wawo ndinaumvetsa. Koma atsogoleri a chipani analibe mphamvu yowachotsa mayiwo pampando.

Akanandipatsa mphamvu, ndikanatenga chipulula cha ku Michigan n'kuchimangirira ndi malamulo a ndalama a ku Ontario, kampeni n'kukhala ya mwezi umodzi. Ndinamuuza zimenezi mnzanga uja pa nthawi yopuma, ndipo anagwedeza mutu n'kunena kuti khoti la kwawo silingalole. Akuti adzayesanso. Chipulula chikadali kutali, koma kabuku kake ka manambala a foni wayamba kale kukadzaza.