Fakitale ya mapepala siingapulumutse Namizimu

Abale anga a kuno ku Mangochi, ena mwa ife timaganiza kuti kutabwera fakitale yaikulu ya mapepala, anyamata angasiye kuotcha makala m'nkhalango za boma za Namizimu ndi Phirilongwe. Ine ndikukana, ngakhale ndikudziwa kuti ulova watipweteka mpaka ana athu akungothawira ku Joni.

Dziko lino linayesapo kale. Kuyambira m'chaka cha 1964 boma linadzala paini wambiri ku Chikangawa, pamapiri a Viphya, mpaka kufika mahekitala 53,000. Cholinga chinali chakuti mitengoyo izikapangidwa phala la mapepala pafakitale yomwe inkayenera kumangidwa ku Chintheche, m'mphepete mwa nyanja. Mitengo inakula, fakitale osamangidwa. Ndalama zofunika zinali zochuluka, komanso panali mantha akuti madzi a mankhwala ochokera m'fakitalemo adzaononga nyanja. Pamenepa ife a kumunsi kuno tinapulumuka, poti madzi a nyanjayi amatulukira pakhomo pathu penipeni, mu Shire, n'kulowa m'Malombe. Chambo chomwe chikusowa kalechi chikanalimba bwanji?

Koma a ku Chikangawa anatsala ndi nkhalango yomwe woigula sanabwere. Kampani ya matabwa ya Raiply inatenga chigawo china mu 1999, kwinako kunalowa ocheka matabwa, kudula osadzalanso, moto chaka ndi chaka. Amene mwadutsa mumsewu wa M1 popita ku Mzuzu mwaziona nokha zitsa zija.

Nanga kumene fakitale zinamangidwadi? Ku Webuye m'dziko la Kenya, fakitale ya mapepala ya Pan Paper inayamba ntchito mu 1974 ndipo tauni yonse inkadya pamenepo. Mu 2009 inatsekedwa ili ndi ngongole zadzaoneni, magetsi atadulidwa. Ku Eswatini, kampani ya Sappi inatseka fakitale ya Usutu mu 2010, moto utapsereza gawo lalikulu la nkhalango yake. Chimene chimandiwawa n'chakuti polira timangowerenga amene anali pamalipiro. Timaiwala wodula mitengo, dalaivala wa lole, mayi wogulitsa mandasi pageti, mwini nyumba ya lendi, mwana amene fizi yake inkachokera m'matumba a anthu onsewa. Makina akakalamba, magetsi akadula, mapepala otchipa akamabwera kuchokera kunja, anthu akamawerenga nkhani pafoni m'malo mogula nyuzi, mwini fakitale amatseka n'kupita. Wa kumudzi amatsala ndi paini woti sangadye, pamalo pomwe makolo ake ankalima kapena kuzula bowa.

Mavuto a mitengo yathu kuno timawadziwa: makala opita m'tauni, nkhuni zowambira nsomba m'madooko, mauvuni a njerwa, minda yokwera m'phiri. Lamulo la za nkhalango la 1997 analikonzanso mu 2020 kuti zilango zikhale zowawa, koma matumba a makala akutsikabe panjinga m'bandakucha. Munthu amene ana ake agona ndi njala sangaope chindapusa.

Lamulo lomwelo limalola midzi kukhala ndi nkhalango zawo, komanso kusamalira nkhalango za boma mogwirizana ndi dipatimenti ya zankhalango. Apa ndi pomwe ine ndikufuna ndalama zipite. Mlimi wa njuchi amateteza mtengo umene wapachikapo mng'oma wake popanda womutuma. Mayi wotola masuku ndi bowa salola moto kulowa m'thengo lake. Wodzala nsungwi kapena mitengo yakeyake, akapatsidwa chiphaso chootchera makala mosamuvutitsa, alibe chifukwa chokwerera ku Namizimu usiku. Ogula akhale ambiri, ang'onoang'ono, kuti mmodzi akagwa enawo azigulabe.

Malo ogona alendo ali mbwee m'mbali mwa nyanja kuyambira ku Boma mpaka ku Cape Maclear. Eni ake ayambe kugula uchi wa m'midzi yozungulira Phirilongwe, ndi makala a chiphaso okhaokha. Mafumu athu ndi makhansala, nkhani imeneyi ikambidwe pamsonkhano wa khonsolo dzinja lino lisanathe, mbande zikadali zotheka kudzala.