Maluwa akafota, yambani mwaona mizu

Maganizo anga ndi akuti anthu ambiri amene amadandaula kuti maluwa awo okhalitsa, aja ophukiranso chaka ndi chaka monga agapanthus ndi iris, akufota kapena asiya kumasula, amafulumira kugula mankhwala opopera pamene vuto lenileni lili pansi pa nthaka.

Chomera chothiriridwa mopitirira muyeso chimafota chimodzimodzi ndi chosowa madzi, chifukwa mizu ikakhala m'dothi lonyowa nthawi zonse imasowa mpweya, imawola, ndipo imalephera kukoka madzi omwewo amene aizungulira. Mwini wake akaona masamba alefuka amawonjezera madzi, osadziwa kuti akuchimaliza. Musanathirire, pisani chala m'dothi masentimita 5, ndipo ngati mwapeza chinyezi dikirani. Ngati chikufotabe, fukulani pambali: mizu yamoyo imakhala yolimba ndi yoyererako, pamene yowola imakhala yakuda, yofewa ndi yonunkha. Dulani yowolayo, kenako bzalaninso pamalo okwera, makamaka ngati dothi lanu ndi lamakande, ndipo musakwirire mozama pamene tsinde lakumana ndi mizu.

Masamba achikasu nawonso ali ndi zifukwa zosiyana. Chikasu chikayambira pa masamba akale a m'munsi, kawirikawiri nayitirojeni wachepa kapena madzi achuluka. Chikayambira pa masamba anthete, mitsempha yake n'kukhalabe yobiriwira, chomera chikulephera kutenga ayironi, zomwe zimachitika kwambiri m'dothi la laimu wambiri.

Dandaulo limene ndimalimva kawirikawiri ndi lakuti chomera chasanduka tchire la masamba koma duwa palibe. Apa feteleza ndiye amene ndimamukayikira poyamba. Pa manambala atatu olembedwa pathumba, yoyamba ndi ya nayitirojeni, ndipo nayitirojeniyo akachuluka amakulitsa masamba n'kuchepetsa maluwa. Chachiwiri ndi mthunzi, pakuti mitundu yokonda dzuwa imafuna maola osachepera 6 patsiku, ndipo mtengo umene unali waung'ono pobzala ukhoza kukhala utaphimba malowo tsopano. Chachitatu ndi kuthithikana, pakuti ambiri amaopa popanda chifukwa kugawa zomera zawo: iris akatha zaka 3 kapena 4 osagawidwa, pakati pa phata pamafa ndipo maluwa amachepa. Zulani phata lonse akamaliza kumasula, tayani zapakati zokalambazo, bzalani za m'mbali. Agapanthus yekha musamugawe pafupipafupi, chifukwa akasokonezedwa amatha kudumpha nyengo osamasula.

Sindikunena kuti tizilombo ndi matenda kulibe. Nsabwe za zomera zimaunjikana kunsonga zanthete, ndipo nyerere zokwera ndi kutsika pa tsinde ndizo zimaziulula, poti zimatsata madzi otsekemera amene nsabwezo zimatulutsa. Kuzitsuka ndi madzi amphamvu kapena a sopo pang'ono kumakwanira zikadali zochepa. Matenda ooneka ngati ufa woyera pamasamba amakonda zomera zothinana zosapita mphepo, choncho chotsani masamba ogwidwawo, muwataye kutali ndi dimba, ndipo mupatulire zomerazo kuti zitalikirane.