Njoka imatsata makoswe, osati munthu

Mvula ikangoyamba mu Novembala, nkhani za njoka zimachuluka. Wina waipeza kukhitchini, wina m'khola la nkhuku itameza mazira. Ndiye malangizo amabwera: thirani palafini kuzungulira nyumba, wazani dizilo, wotchani tayala lakale. Abale anga, ndalama zimenezo n'zongotaya. Palafiniyo amakokoloka ndi mvula, utsi wa tayala mumapuma ndinu ndi ana, njoka ili phee pamene yabisala.

Ine ndimati njoka imabwera pakhomo chifukwa cha zinthu ziwiri basi, chakudya ndi pobisala. Taonani kuseri kwa nyumba zathu. Matumba a chimanga ali pansi, madeya atayikira pakona, makoswe akuchita phwando usiku wonse. Pamene pali makoswe, njoka sichedwa. Pafupi pomwepo pali mulu wa nkhuni wotsamira khoma, njerwa zosanjikiza zomwe zakhala chaka osazikhudza, malata akale, udzu wofika m'mawondo panjira ya kuchimbudzi. Kenako njoka ikalowa, timayamba kuloza chala mnansi kuti waitumiza. Zimandipweteka kuona anthu akudana pomwe vuto lili m'nkhokwe mwawo.

Tchetchani udzu, sesani pabwalo mpaka pawale. Nkhuni zikhale patali ndi nyumba, pathandala. Matumba akwere pamatabwa, mauna a makoswe mumate, mpata wa pansi pa chitseko mutseke. Khola la nkhuku lisagundane ndi chipinda chogona.

Mphiri ndiyo imandiopsa kwambiri, chifukwa siithawa ikamva mapazi. Imangogona panjira, khungu lake lofanana ndi masamba ouma, mpaka munthu aiponde. N'chifukwa chake mwana asamapite kuchimbudzi usiku wopanda tochi ndi nsapato. Ina ija yolavulira m'maso imalowa m'nyumba usiku, ndipo ogona pamphasa ndiwo amalumidwa. Neti ya udzudzu yopindira bwino pansi pa mphasa kapena matiresi imathandizanso pamenepa.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaika kulumidwa ndi njoka pamndandanda wa matenda onyalanyazidwa mu 2017, ndipo ovutika kwambiri ndi alimi ndi ana akumudzi. Wina akalumidwa, musamange chingwe mothina, musateme pabalapo, musayamwe ululu. Muvuleni mphete ndi chilichonse chothina, asayendeyende, mumunyamule msanga kupita kuchipatala. Njoka ikamulavulira m'maso, tsukani ndi madzi ambiri nthawi yomweyo, kenako ulendo wa kuchipatala.