Kuthandiza wosauka kwasanduka mlandu

Ndatopa nazo ine. Ukangofuna kuthandiza wosauka ndi dzanja lako, osadzera ku bungwe, wadziputira mavuto.

Ukampatsa mmodzi, mawa akubwera gulu, aliyense ndi nkhani yomvetsa chisoni kuposa ya mnzake. Usankhe bwanji? Ukapereka ndalama, anzako akuti, "Akamwera mowa ameneyo." Ukapereka zovala, akuti wamutayira nsanza zako. Ukayamba wafunsa za vuto lake, wasanduka wapolisi. Ukapanda kufunsa, ndiwe wopusa. Nanga kutumiza pafoni? Wosaukitsitsa uja foni alibe, chiphaso alibe, ndiye ndalama zimadzera kwa wachibale "wokhulupirika" amene amadulako zake za thukuta. Thukuta lake litilo, kaya!

Ndiye pali anansi ake. Wolandira uja ayamba kumuyang'ana ndi diso lofiira, ena mpaka kukufunsa iwe chifukwa chomwe wawadumphira. Ukalephera mwezi umodzi wokha, iwe amene dzulo unali mngelo lero ndiwe wouma manja, ngakhale moni sakuyankha. Kodi tinasainirana pangano?

Koma chimandiseketsa n'chakuti akatswiri onse a kaperekedwe koyenera ndi aja sanaperekepo kalikonse.