Musamati "zenizeni" poti mwaona magazi

Ndakwiya, ndipo ndikulemba ndili chikwiyire.

Usiku wathawu tinkaonera filimu ya nkhondo kwa mnzanga, tilipo asanu. Dzina la filimuyo sinditchula chifukwa zoterezi zili mbwee. Ngwazi ya m'filimumo inathamanga pamtetete, zipolopolo zikuilambalala ngati zikuiopa, mfuti yake ikulira kwa mphindi yathunthu osasintha magazini, adani akungogwa uku ndi uku. Mnzake anaduka mwendo, kamera n'kuyandikira kuti tilione bwino fupa. Pamenepo mng'ono wa mnzangayo, mnyamata wa zaka 19, anadzambatuka pampando n'kuomba m'manja. Akuti, "Izi ndiye zenizeni! Nkhondo ndi imeneyi. Ine atandiitana ndingapite mawa lomwe."

Mawu amenewo andisowetsa tulo. Mwana waona magazi, ndiye akuti waona nkhondo. Waona fupa, ndiye akuti waona zimene msilikali amaona. Ndipo watuluka m'menemo akufuna kupita! Abale, filimu ya nkhondo imene mwana akaionera amalakalaka kukagwira mfuti yamunamiza, kaya magazi ake anali ofiira chotani.

Bodza laling'ono ndi la mfuti ija. Magazini ya AK-47 imalowa zipolopolo 30, ndipo mfutiyo imatulutsa pafupifupi 600 pa mphindi. Ukakanikiza chala osachotsa, masekondi atatu zatha, watsala ndi chitsulo chabe m'manja. Kulira kwa mfuti kumapitirira madesibelo 150 pa muyeso wa phokoso, koma m'mafilimu anthu amawomberana m'chipinda chotseka kenako n'kumanong'onezana bwinobwino. Ku America, vuto limene asilikali opuma ambiri amalandirira chipukutamisozi kuposa lina lililonse ndi kulira kwa m'makutu kosatha, kaphokoso kamene munthu amagona nako n'kudzuka nako mpaka kumanda. Munaionapo ngwazi ya m'filimu ikufunsa mkazi wake kuti "mwati chiyani?" katatu chifukwa khutu linafa? Ine sindinaione.

Komabe zimenezo ndingazikhululukire. Chimene sindikhululuka ndi nkhope ya ngwazi ija. Nkhope yosaopa, yoyera, yodziwa kolowera, yodziwa chifukwa chake ikumenya. Bodza lalikulu lili pamenepo. Msilikali weniweni nthawi zambiri sadziwa chimene chikuchitika kuseri kwa chitsamba chimene wabisalamo. Amauzidwa kuti yenda, amayenda. Amauzidwa kuti dikira, amadikira, tsiku lonse, sabata yonse, mvula ikumuthera pathupi. Amakumba ngalande, akamaliza amauzidwa kuti asamuke akakumbe ina. Amasenza katundu woposa makilogalamu 30 mpaka mapewa kuchita dzanzi. Nsabwe zimamudya, mapazi amaola m'jombo zonyowa, m'mimba mumatsekuka pamalo poti sangavule n'komwe. Ena amadzinyowetsa ndi mantha bomba likagwa pafupi, ndipo anzawo sawaseka chifukwa nawonso zinawachitikira. Izi ndiye nkhondo ya msilikali. Ili kuti m'filimu yanuyo?

Mkulu wa asilikali a Britain ku Burma pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, William Slim, ananena kuti mu 1943 pa munthu mmodzi aliyense amene ankachotsedwa kunkhondo chifukwa chovulala, anthu 120 ankachotsedwa chifukwa cha matenda. Malungo, kamwazi, zilonda zosapola. Mmodzi kwa 120! Ndiye kuti filimu yonena zoona ya nkhondo imeneyo ikanakhala ya anyamata akunjenjemera ndi malungo m'matope, osati akudumpha moto. Koma ndani angakujambulireni zimenezo? Palibe. Kamwazi sagulitsa matikiti.

Ndipo imfa yake siibwera maso ndi maso ngati m'mene amationetsera, awiri kuyang'anizana, wina kunena mawu omaliza okoma. Pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse ambiri anaphedwa ndi mizinga, yowomberedwa ndi munthu amene ali makilomita angapo kutali, amene sanawaone ndipo iwo sanamuone. Ukhale wolimba mtima, ukhale wamantha, ukhale katswiri, bomba silisankha. Pa 1 July 1916 ku Somme, ku France, asilikali a Britain 19,240 anafa tsiku limodzi lokha, ndipo onse ofa, ovulala ndi osowa anakwana 57,470. Tsiku limodzi, anthuni. Ochuluka anagwa asanafike n'komwe pa waya wa adani. Panalibe nyimbo yowaperekeza. Ena anakhala ali gone pakati pa magulu awiriwo masiku angapo akuitana amayi awo, anzawo akumva koma osatha kukawatenga.

Chaka chomwecho kunatuluka filimu ya nkhondo ya ku Somme yomweyo, ndipo anthu pafupifupi 20 miliyoni anaionera m'masabata asanu ndi limodzi oyamba. Zambiri za m'menemo zinajambulidwadi kunkhondoko. Koma chigawo chimene chinatchuka koposa, asilikali akutuluka m'ngalande wina n'kugwa, chinali chochita kukonza kutali ndi kumene kunkamenyedwa nkhondo. Mwaona? Chinyengochi n'chakale ngati kamera imene. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Filimu ndi kandimverere. Tinaituma kuti ikationere nkhondo, yabwera ndi moto wokongola ndi nyimbo.

Ndikudziwa wina alemba m'munsimu kuti nanga Saving Private Ryan? Inde, ya Steven Spielberg, ya 1998. Sindikana, mphindi zoposa 20 zoyambirira zija, asilikali akutsika pagombe la Omaha ku France pa 6 June 1944, zinayesetsa. Muli anthu akusanza m'boti, akumira ndi katundu wawo asanaponde mchenga, wina akufunafuna mkono wake. Zinawakhudza okalamba amene analikodi mpaka nthambi ya boma la America yoona za asilikali opuma inakhazikitsa nambala ya foni yoti ovutika mumtima aziimbako. Ndimailemekeza. Koma taonani chimene anzake anaphunzirapo. Anatengapo magazi, kamera yogwedezeka ndi matumbo, n'kusiya mantha. Lero filimu iliyonse ili ndi matumbo panja, ndiye tonse tizingoti "zenizeni, zenizeni". Magazi okha si choonadi. Magazi amagulidwa m'botolo.

Samuel Fuller, amene anamenya nawo nkhondo yachiwiri ndipo anatsikadi pagombe la Omaha lomwelo asanayambe kupanga mafilimu ake, ankanena kuti ukafuna kuti oonera amve nkhondo yeniyeni, ufunika kumawawombera kuchokera kuseri kwa chinsalu choonetserapo. Ndiye munthu amene anaiona ndi maso ameneyo. Ife tili pampando wofewa, limoti ili m'manja, zikatiwawa timaimitsa n'kukamwa madzi. Msilikali alibe batani loimitsira. Fungo la mitembo silidutsa pa kanema. Ludzu silidutsa. Masiku atatu osagona sadutsa. Ndiye tizikhala ndi manyazi pang'ono tisanatchule mawu oti zenizeni.

Ndipo chimene chimandipweteka kwambiri ndi pamene amathera. Filimu imatha mbendera ikukwera, malipenga akulira, mayina akuyenda pa kanema. Nkhondo ya msilikali siithera pamenepo. Imakwera naye sitima, imalowa naye m'nyumba, imagona pakati pa iye ndi mkazi wake. Tamvani za Audie Murphy, mmodzi mwa asilikali a America amene analandira mamendulo ambiri pa nkhondo yachiwiri, ali mnyamata wamng'ono. Mu 1955 anasewera iye mwini m'filimu ya moyo wake, To Hell and Back, ndipo anthu anakhamukirako. Anaona ngwazi, anaona mendulo. Munthu yemweyo kunyumba ankagona mfuti ili pansi pa pilo, maloto oipa akumudzidzimutsa, mpaka anakodwa ndi mapiritsi ogonetsa. Ngwazi yeniyeni, yosewera nkhani yake yomwe, ndipo ngakhale apo filimuyo sinaonetse usiku wake. Ngati anabisa za mwini nkhani ali pomwepo, inu mukuganiza akukuuzani zoona za ndani?

Si kuti sankadziwa. Ankadziwa bwino lomwe. Mu 1946 John Huston anamaliza filimu ya zochitikadi, Let There Be Light, yojambulidwa m'chipatala cha asilikali ku Long Island, ku America. Munali anyamata obwera kunkhondo opanda bala pathupi koma osatha kulankhula, ena osatha kuyenda, ena akunjenjemera osaleka. Akuluakulu a asilikali anaitsekera, ndipo anthu wamba sanaloledwe kuionera mpaka 1980. Zaka zoposa 30 ili m'kabati! Ya magazi amakupatsani, ya msilikali akulira ngati khanda amaibisa. Chaka chomwecho cha 1980 m'pamene madokotala a ku America analemba matenda amenewa m'buku lawo ndi dzina loti PTSD, pamene dokotala Charles Myers anali atalemba kale za asilikali osokonezeka ndi mabomba mu 1915. Pa nkhondo yoyambayo Britain inawombera asilikali ake omwe 306 pa milandu monga kuthawa ndi mantha, ena mwa iwo odwala mutu chifukwa cha mabomba omwewo, ndipo anawakhululukira mu 2006, onse atasanduka dothi. Ndiuzeni ndi mafilimu angati amene mwaonera onena za mnyamata womangidwa pamtengo m'bandakucha kuti anzake amuwombere.

Chifukwa chimene mafilimu amabisira zimenezi n'chodziwikiratu, ndi ndalama, komanso magulu ankhondo amabwereketsa ndege ndi akasinja kwa amene nkhani yake yawakomera. Zimenezo zikhale apo.

Ine nkhawa yanga ndi mnyamata uja. Ndinamufunsa kuti, "Iwe, m'filimu yonseyi wadziona kuti ndiwe uti?" Anati ngwazi ija, ndithu. Aliyense amadziona ngwazi. Palibe amene amadziona kuti ndi uja anagwa mphindi yachiwiri, wopanda dzina, kamera n'kumudumpha. Koma kunkhondo ambiri ndi ameneyo. Ali ndi mayi, ali ndi chibwenzi, anali ndi kalata m'thumba, ndipo filimu yamupatsa masekondi awiri kuti ngwazi ioneke yamphamvu. Adani aja ogwa ngati udzu nawonso ndi ana a anthu, ambiri anachita kugwidwa kuti akamenye, akuopa chimodzimodzi, akutsekula m'mimba chimodzimodzi. Filimu imawavindikira nkhope dala kuti tisawamvere chisoni, ife n'kumaomba m'manja. Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Mwana wakomedwa ndi moto wa pa kanema, ndipo akuluakulu anayi tinali pomwepo tikungoseka.

Musandimve molakwa, sindikuti mafilimu a nkhondo aletsedwe. Onerani. Koma musamatchule bodza kuti choonadi pamaso pa ana. Mukafuna kuyesa filimu, musawerenge malita a magazi. Onani ngati muli mantha ofooketsa mawondo, ngati muli kudikira kotopetsa, ngati muli kuwombera mnzako mwangozi mumdima, ngati muli munthu amene wabwerera kwawo koma sakutha kukhala pagulu. Ngati mulibe zimenezo, ndi masewera a moto basi, ndipo muziwatchula choncho. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene anapitako ambiri safuna n'komwe kuzikamba, ife amene sitinanunkhizeko utsi wake ndiye tili pakamwa mbee kugamula kuti iyi ndi yeniyeni.

Ndipo poti ndayamba, ndinene ndi ichi. Anthu akuda ali kuti m'mafilimu a nkhondo zikuluzikuluzi? Ukaonera ungaganize kuti nkhondo yachiwiri anamenya azungu okhaokha. Ku Burma mu 1944 gulu la 11th East African Division linadutsa chigwa cha Kabaw nthawi ya mvula yamphamvu, m'matope ndi malungo, likuthamangitsa asilikali a Japan. Magulu a 81st ndi 82nd a ku West Africa anamenya ku Burma komweko. Mu August 1944 asilikali ambiri amene anatsika ku Provence, kum'mwera kwa France, pansi pa mbendera ya France anali ochokera ku Africa, koma polowa mu Paris mwezi womwewo akuluakulu anafuna gulu looneka loyera kuti ndilo lilowe. Pa 1 December 1944 ku Thiaroye, pafupi ndi Dakar, asilikali a ku Africa obwerera kunkhondo anawomberedwa ndi gulu lankhondo la France lomwe analimenyera, mlandu wake kufunsa malipiro awo. Pa nkhondo yoyamba kum'mawa kwa Africa, amtengatenga pafupifupi 95,000 a mbali ya Britain anafa ndi njala, matenda ndi kutopa atasenza katundu wa nkhondo ya eni. Anthu 95,000, ndipo mafilimu akuluakulu a gombe limodzi la ku France atuluka kangati? Mnyamata uja amadziwa dzina la mfuti iliyonse ya m'filimu ija, koma nditamufunsa za Kabaw anayesa ndi dzina la woimba.